Malo a Awiri Kunsi kwa Nyumba ya a Dagi

Lolemba
Buku limene anandibwereka a Dagi, mzungu woyandikana naye nyumba kuno ku Oshawa, ndalimaliza. M'bukumo bomba lagwa, mizinda yapsa, otsala akukhala kunsi kwa nthaka, akudya zam'chitini. Wogogoda pachitseko samutsegulira. A Dagi ndi anzawo mabuku otere awalowa m'magazi, moti amanga chipinda chawo kunsi kwa nyumba, chitseko chachitsulo. Ine andilola m'gulu chifukwa ndine namwino. Malo ndi awiri: ine ndi mwana wanga Tadala. Malamulo: bwera ndi chakudya chako, usauze munthu. Loweruka tikayeserera. Sindinawoloke nyanja kudzafa ngati nkhuku ya chitopa. Mwana wanga apulumuka basi!

Lachiwiri
Zogula: ufa, nyemba, mchere, makandulo, zitini za nsawawa. Ndawonjeza usipa wanga wochokera kumudzi. A Dagi anunkhiza kamodzi: "Muno mulibe mawindo, mayi." Usipa waletsedwa. Ndiye tipulumuke kuti tizidya chiyani? Ndaubisa m'chitini cha mabisiketi.

Lachitatu
Mayi Nambewe, mnzanga wa kumpingo, apeza makatoni kuseri kwa mpando. "Mukubwerera kumudzi osatiuza?" Ndawauza pang'ono chabe. Alumbira kuti pakamwa atseka. Ndimawadziwa, koma ndikukhulupirira.

Lachinayi
Foni sikupuma. A Phiri a ku North York: kodi malo a apongozi awo alipo? Adikoni a ku Mississauga: abweretse mabuku a nyimbo angati? Wina akuti wamva kuti dziko litha Loweruka, ndiye apitebe kuntchito Lachisanu? Ndikukana onse. Mawu anga ngolimba, ngati a munthu wa m'buku muja. Mtima ukundiwawa, koma ndikukana.

Lachisanu
Oimba foni aja abwera okha kudzamva bwinobwino. Nyumba yadzaza, nsapato mulu pakhomo. Munthu wachokera ku Mississauga pa basi ndi sitima, ungamupatse madzi okha? Ndatsegula thumba la ufa. Kenako nyemba. Usipa wadziulula wokha ndi fungo.
Zotsala: makandulo, mchere, chitini chimodzi.
Palibe kanthu. Malo anga akadalipo, ndipo mawa ndiwaonetsa azungu kuti ife njala timaidziwa kuposa mabuku awo.

Loweruka
Talowa m'chipinda muja, chitseko chatsekedwa. A Dagi akufotokoza mayeso: wina akagogoda, tonse zii, ngakhale alire bwanji. Zosavuta. Takhala pa mabenchi, tikumvera wailesi yosalankhula. Kenako masitepe akulira. Gogogo. Mawu a Mayi Nambewe: "Odi kuno!"
Sindinaganize n'komwe. Pakamwa payankha pokha: "Lowani!" Dzanja nalo lili kale pa chitsulo.
Alowa iwo, a Phiri, apongozi a a Phiri, adikoni ndi mabuku a nyimbo. Akupereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, ndi manja awiri. A Dagi afiira ngati phwetekere. "Likanakhala bomba lenileni, mwatipha tonse!" Tadala akundinong'oneza: "Mum, you failed." Ndamva, mwanawe. A Dagi andichotsa m'gulu, makandulo anga andibwezera.

Lamulungu
Buku ndalisiya pakhomo pa a Dagi. Malo a Tadala ndataya ndine, ndi pakamwa pangapa, ndipo zikundipweteka. Ndamufunsa ngati wakwiya. Akuti m'chipinda muja mumanunkha sokosi.
Titaweruka kutchalitchi, anthu abwera ndi mbale zovundikira, akuti anandidyera zonse. Mayi Nambewe abweretsa usipa wawo umene amaubisa chaka chonse. Paja kupatsa n'kuika.
Chitseko chachitsulo ndilibe, ndipo ndaona kuti sindingachithe. Tikhala pamwamba pompano ndi anthu athu. Bombalo likadzafika, linene odi ngati anzake.