Pikapu Yotuwa ya Atsibweni

Kumudzi kuno, munsi mwa phiri la Michesi, munthu akagula njinga yatsopano ine n'kuyandikira kuti ndiione, mwiniwake amaikankhira kuseri kwa nyumba. Amangomwetulira n'kuyamba kundifunsa za mvula. Ine sindidandaula. Ndikudziwa pamene zinayambira, ndipo poti aliyense amaithira mchere wakewake nkhaniyi, bola muimve kwa ine mwini.

Zinachitika zaka zija zipani zitangochuluka, m'mwezi wa Okutobala. Nthawiyo n'kuti ndili pachikamwini kwa mkazi wanga Feliya, ndikulima kamunda ka miyala komwe ngakhale chinangwa chimamera monyinyirika. Kwathu ku Mkhumba malemu bambo anga anandisiyira munda wabwino ndi dimba lomwe, koma zonsezo zinkangomera tchire. Chimene ndinkafuna pa moyo wanga chinali chimodzi: andilole kumutenga Feliya chitengwa, tikakhale kwathu. Ndikafunsa, apongozi anga aakazi ankangoti, "Nkhani imeneyo mwiniwake ndi mlongo wanga." Mlongo wawoyo ndi a Layisoni, atsibweni ake a Feliya, mwini mbumba, amene ankakhala ku Limbe n'kumabwera kumudzi mwa apo ndi apo.

Ndiye apongoziwo anamwalira kuchipatala. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, komabe ndinawalira kuchokera pansi pa mtima (ngakhale kuti mawu amene ankakonda kundiuza anali akuti ntchito yanga ndi yapamwambamwamba). A Layisoni ndiwo anabweretsa mtembo, pa pikapu ya buluu yatsopano ndithu. Anthu anasiya kaye kulira kuti aione bwino, ndipo ena ankanong'onezana kuti mwana wa kuno wafikapo. Anaiimika pansi pa mtengo wa mango, inagona pomwepo.

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinali kuwaza nkhuni, ngati mmene mkamwini aliyense amachitira pa zovuta, pamene a Layisoni anandikodola. Maso awo anali ofiira.

"Akamwini, galimotoyi inyamula mlongo wanga kupita kutchalitchi. Yachita fumbi. Mungoipukutako."

"Musade nkhawa, atsibweni. Galimotoyi iwala."

"Mungoipukuta basi," anabwereza, n'kulowa m'nyumba ya siwa.

Mawuwo ndinawamva bwinobwino, makutu anga alibe vuto. Koma mumtima ndinati awa akundiyesa. Munthu amene mawu ake amodzi angandimasule pachikamwini wandipatsa ntchito kwa nthawi yoyamba, ine ndingopukuta? Kupukuta ndi ntchito yapamwambamwamba ija. Kuno chinthu chikada timakwecha. Mphika timakwecha, zidendene timakwecha pamwala, ndipo malimu a njinga yanga ndinkawakwecha ndi mchenga mpaka aziwala ngati ndalama yatsopano.

Ndinayamba bwino, ndi madzi ndi kansanza. Fumbi linachoka. Chimene chinakana ndi utomoni wa mango umene unadonthera pa boneti ndi padenga, pamodzi ndi zitosi za mbalame zimene zinali zitauma gwa. Ndinayesa sopo, ayi. Ndinayesa chikhadabo, chikhadabo n'kuthyoka. Ndinapita kwa amayi ophika kukatapa phulusa, ndipo phulusa linathandizako pang'ono. Apo ndi pamene ndinaganiza kuti ngati phulusa lathandiza pang'ono, mchenga uthandiza kwambiri.

Ndinatsikira kumtsinje umene umachokera m'phirimu. Sindinatape mchenga wamba, ndinasankha wosalala uja amayi amakwechera mapoto a alendo (onani kuti munthu ndinali wosamala). Ndinatola chitsononkho cha chimanga, n'kuchinyowetsa, n'kuchiviika mumchengamo. Utomoni unachoka nthawi yomweyo. Nditathirapo madzi, malowo anawala kuposa pena ponse. Ndiye ndinaona kuti si bwino galimoto iwale mwa mawangamawanga ngati nkhanga. Ndinakwecha boneti yonse. Ndinakwecha zitseko. Ndinakwera pamwamba n'kukwecha denga, mozungulirazungulira, thukuta lili kamukamu. Mkulu wina wopita kukathandiza kumanda anaima n'kunena kuti, "Mkamwini uyu ndi wa ntchito." Mawu amenewo anandiwonjezera mphamvu m'manja.

Nditamaliza ndinaitsukuluza yonse n'kukhala pamuzu wa mango kuti ndipume. Galimoto inali kunyezimira. Kenako dzuwa linayamba kuumitsa madzi aja, kuyambira pa boneti. Pamene pauma, buluu uja ankazimirira, n'kutsala mbuu. Ndinathiraponso madzi, inawala. Madzi atauma, mbuu. Ndinayandikira n'kuona mizere yozungulira, ing'onoing'ono, yosawerengeka, paliponse pamene chitsononkho changa chinadutsa.

Munthu wanzeru akanapita kukagwada kwa a Layisoni nthawi yomweyo. Ine ndinayang'ana galimoto ija, ndinayang'ananso miyendo yanga imene inali itatuwa chimodzimodzi, ndipo nzeru inandibwerera. Khungu likatuwa timalitani? Timalidzoza mafuta.

Ndinazemba kupita kunyumba kwanga n'kutenga botolo la mafuta odzola a Feliya. Ndinapaka pa boneti ndi chikhatho, ngati ndikudzoza mwana wongosamba. Abale anga, buluu uja anabwerera. Mizere yonse inabisika. Vuto linali lakuti botololo linathera pa boneti pomwepo, zitseko ndi denga zili mbuu. Ndinabwereranso kwa amayi ophika aja, ndili ndi kapu m'manja.

"Mafuta ophikira mukatani nawo, akamwini?" anafunsa mayi wina amene ankatakasa nyemba.

"Atsibweni awafuna."

Sanafunsenso. Dzina la munthu wa galimoto limatsegula chigubu chilichonse. Ndinapaka zitseko, denga, m'mbali monse mwa kumbuyo kokhala katundu, ndipo kansanza kamafutako ndinapukutira galasi lakutsogolo kuti nalonso lisatsalire.

A Layisoni atatuluka, anaima n'kuphethira. Galimoto inali kuwala moti munthu sukanaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwapaka polishi wanji?"

"Wa konkuno, atsibweni."

Anagwedeza mutu, maganizo awo ali kwa mlongo wawo. Kenako anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Nkhani yanu ija mlongo wanga anandiuza. Tikaika maliro tikhale pansi." Ndinachita kudziletsa kuti ndisamwetulire pamaliro a apongozi.

Bokosi analikweza kumbuyo, ndipo amayi a mumpingo, ovala mabulauzi awo oyera, anakwera n'kukhala m'mbali mwake. Mmodzi dzanja linamuterereka pokwera, koma anaganiza kuti ndi thukuta. Ulendo unayamba. Galimoto inkayenda pang'onopang'ono, chikhamu cha anthu kutsogolo ndi kumbuyo, onse akupondaponda msewu umene unali usanaone mvula kwa miyezi. Fumbi linakwera, ndipo lonse linkatera pa mafuta anga osachokanso.

Ine ndinkayenda pambali, ndikuona ndi maso anga galimoto ya buluu ikusanduka yofiirira, kenako yakhofi. Tisanafike pamlatho inali itamera ubweya. Kamvulumvulu anadutsa n'kuimatika masamba ouma, mankhusu a chimanga ndi nthenga za nkhuku. Ntchentche zinabwera. Galu wina anayamba kuitsatira akunyambita chitseko, ndipo anthu akamuthamangitsa ankazungulira n'kukayamba chitseko cha mbali inayo. A Layisoni anayatsa zopukutira galasi, koma zinangopaka matope amafuta galasi lonse. Msewu wotsalawo anayendetsa mutu uli kunja kwa windo, munthu wamkulu wolira mlongo wake.

Kutchalitchi amayi aja anatsika. Aliyense anali ndi chidindo chakhofi kumsana kwa bulauzi, ena m'manja, ena pachifuwa. Palibe amene anaseka, poti anali maliro, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri. Nyimbo inapitirira, koma maso onse ankabwera kwa ine. Feliya, amene anali atalira mpaka mawu kusasa, anakweza mutu n'kuyang'ana galimoto, kenako anandiyang'ana ine, n'kufunditsa nkhope yake chitenje.

Titabwerako kumanda, a Layisoni sanadye. Anapempha ndowa ya madzi ndi sopo, anavula jekete, n'kuyamba kutsuka okha. Ndinafuna kuwalandira kansanza, anangokweza dzanja. Mafuta anachoka movutikira. Kenako tinaima tonse awiri, kudikira kuti dzuwa liumitse boneti, ine ndikudziwa chimene chikubwera, iwo asakudziwa. Mbuu uja atatuluka, anayendetsa chala pa mizere ija kwa nthawi yaitali.

"Akamwini, ndinati chiyani?"

"Munati ndipukute."

"Inu munatani?"

"Ndinakwecha, atsibweni. Utomoni unakana."

"Ndi chiyani?"

"Ndi mchenga. Koma wosalala."

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwinanso kundimenya, ndipo ndikanakonda zimenezo. M'malo mwake anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina akumva, n'kukhala pansi pamuzu wa mango uja.

"Galimotoyi si yanga," anatero. "Ine ndine dalaivala chabe. Abwana anandibwereka chifukwa cha maliro. Sinathe ndi mwezi womwe chiigulireni."

Za kukhala pansi zija sizinatchulidwenso. Ananyamuka m'mawa mwake osatsanzika, pikapu yotuwa ikutsika msewu wa ku Chiringa, anthu ataima m'makomo kuionerera.

Mvula yoyamba isanagwe, a Layisoni anabweranso. Ulendo uno anatsika pa matola, ali ndi sutikesi ndi matiresi okulunga ndi chingwe. Ntchito ya ku Limbe ija inali itawathera. Mkazi analibe, ndiye analowa m'nyumba ya malemu mlongo wawo, moyang'anizana ndi khomo langa. Ndinadikira mpaka titakolola, ndipo tsiku lina ndinalimba mtima n'kupita kukanjuta pakhonde pawo ndi nkhani yanga ya chitengwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidula.

"Mwatha?"

"Ndatha, atsibweni."

"Mukamutenga Feliya, ine andiphikire ndani? Ku Limbe ndinkadya za thukuta langa. Amene anandichotsa kumeneko ndinu. Ndiye mukhala pompano, muzilima, tizidya."

Ndikulima mpaka lero. Kamunda ka miyala kaja ndi komweko, kungoti pakamwa podya panawonjezeka. Munda wa ku Mkhumba abale anga anatopa kuudikira, anagawana, ndipo ndikapitako kukaona anthu ndimadutsa m'mbali mwa dimba la bambo anga ndikuyang'ana kwina. Ana anga anabadwira kuno, akulira kuno, ndipo kwathu amakutchula kuti "kwa abale awo a bambo". Zimandiwawa, sindinama.

A Layisoni akalamba tsopano. Sanandinyozepo pagulu ngakhale kamodzi. Amangokhala pakhonde, ndipo akandiona ndikutsikira kumtsinje ndi ndowa amandiitana mwaulemu kuti, "Akamwini, madzi okha. Mchengawo muusiye komweko." Ine ndimavomera kuti ndamva.

Ndinaphunzirapo kuti munthu akati pukuta, uzipukuta. Komabe pali chinthu chimodzi chimene anthu a kuno safuna kuvomereza. Galimoto ija isanakumane ndi fumbi, inawala kuposa mmene inabwerera kuchokera ku Limbe, ndipo maliro aja akanachitika nthawi ya dzinja, bwenzi pano ndikudya nzimbe za m'dimba langa ku Mkhumba. Zimenezi ndimangouza Feliya yekha. Iye amangodzuka n'kukabisa botolo lake la mafuta.