Madzi a Nsomba Zanga Apita Kumaliro

Lolemba, 20 Okutobala

Sabata ino ndi yanga. Lamulungu kukubwera mayi wina, mwini loji ya kutauni, kudzaona thanki yanga ya nsomba. Anaiona pachithunzi cha pafoni. Akaikonda, ndikamukonzera yaikulu pamalo ake olandirira alendo, n'kumakaisamalira mwezi ndi mwezi. Chimalizireni sukulu, iyi ndiyo ntchito yoyamba imene yandiyang'ana kumaso. Kwina konse amangoti, "Siyani makalata anu pageti."

Thanki ili bwino, ndisaname. Galasi loyera mbee. Zomera za m'madzi zobiriwira, zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo, monga timaimira pojambulitsa kutchalitchi. Tinsomba tikungoyendayenda pakati pake, topanda nkhawa.

Zoti ndisaiwale mpaka Lamulungu:
- getsi la pamwamba pa thanki liziyaka usana wokha, likapitirira pagalasi pamamera ndere
- sefa ya madzi ndi kapampu ka mpweya zisazime. Magetsi akathima, batire la sola lilipo
- Lachisanu kuchotsako madzi akale, kuthira a mumgolo
- Amayi asapatsenso nsomba zinyenyeswa za buledi!

Mgolo ndiwo chuma changa. Madzi a pampopi amabwera ndi mankhwala amene nsomba sizigwirizana nawo, ndiye ndimayamba ndawagoneka mumgolo wabuluu kuseri kwa chitseko kuti mankhwalawo auluke. Panopa wadzaza mpaka kukamwa.

Masana Abambo Mhango, eni nyumba imene tikukhala ine ndi Amayi, asuzumira pawindo monga mwa masiku onse. Akuti, "Mwana wanga, zakula? Ndabweratu ndi tomato ndi anyezi." Nthabwala ndi yomweyomweyi chibwerere thankiyi. Ndaseka, poti nyumba ndi yawo, tebulo limene pakhala thanki nalonso ndi lawo. Analikhoma okha adakali kalipentala, ndipo paploti ponse pano ndi lokhalo losagwedera.

Madzulo mpopi wangotsokomola, osatulutsa kanthu. Kudera lathu lino la 25 si zachilendo. Ine ndili ndi mgolo.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Abambo Mhango atisiya.

Agwa m'mawa akupukuta nsapato pakhonde la nyumba yaikulu. Pofika nawo kuchipatala n'kuti zitatha kale. Dzulo lomweli amafuna kukazinga nsomba zanga!

Ndalira. Anali munthu wabwino, ndipo ndi okhawo pano amene sanandifunsepo kuti ndikwatiwa liti.

Ploti yadzaza anthu. Zatuluka m'nyumba mwathu: mipando, mphasa, mapoto aakulu, beseni losambira. Zonsezi ndi zoyenera, sindikudandaula.

Mpopi ukadali gwa.

Ndapeza Amayi ataima pamgolo, manja m'chiuno. "Iwe, anthu adzaza panjapa, posamba m'manja palibe. Madzi awa akudikira ndani?" Ndafotokoza za mankhwala, za Lachisanu, za mayi wa loji, zoti madziwa ndinawagoneka dala. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Agona mokwanira. Tikamana madzi pamaliro a eni nyumba, mawa tidzayenda bwanji mumsewumu?"

Ndowa yoyamba yatuluka. Yachiwiri. Kenako ndasiya kuyang'ana.

Si vuto. Madzi abwera mawa, ndigoneka ena.

Lachitatu, 22 Okutobala

Madzi sanabwere. Magetsi nawo athima, mwina kupepesa anamfedwa.

Mgolo watsala dzina lokha. Wina waugubuduza kukauika kumene amayi akuphikira.

Kwamveka kuti kuika ndi Loweruka. Akudikira abale ochokera ku Rumphi, komanso mwana wawo wamkulu amene ali pamsewu kuchokera ku Joni. Ndiye kuti khamu lonseli tili nalo sabata yathunthu.

Ndalumikiza getsi, sefa ndi kapampu ku batire. Zonse zikuyenda bwinobwino. Ndadziyamikira ndekha kuti ndine munthu woganizira za mawa. Cholakwa changa n'chakuti sindinatseke katani.

Dzuwa likupendeka kwabwera bambo wina wa komiti ya maliro, chipewa m'manja. "Achemwali, pepani. Taona muli ndi getsi lowala bwino. Mutentimu anthu agona mumdima, oimba sangaone mabuku." Ndamuuza kuti getsili ndi la zomera. Wayang'ana zomera, wayang'ana ine, wayang'ananso zomera. Ndamva ndekha mmene mawu angawo amvekera.

Ndamasula getsi. Batire lapita nalo limodzi, poti getsi palokha siliyaka. Sefa yaima. Thovu la kapampu latha. M'nyumba muli zii, moti ndikumva nyimbo zonse za panja mawu ndi mawu.

Alonjeza kuti abweza m'mawa.

Lachinayi, 23 Okutobala

Sanabweze.

Getsi langa latchuka. Akuti agogo ena anaimba nyimbo yonse osavala magalasi. Ena akufunsa kumene ndinagula. Batire nalo lapeza ntchito ina: lazunguliridwa ndi mafoni a olira maliro, aliyense ndi chingwe chake. Ndapita kukaliona. Ndabwerako chimanjamanja, poti foni ina inali ya abusa.

Njira zanga zatsopano zosamalira thanki:
- kutsegula makatani onse kuti zomera zione dzuwa
- kutunga madzi ndi kapu m'thanki momwemo n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba, kuti mulowe mpweya
- kubwereza mpaka dzanja litauma
- kusintha dzanja

Azimayi olira akatopa panja akumalowa kwathu kudzapuma. Onse akuthera pathanki.

"Izi n'zamoyo?"

"Ndiye ndiwo mumasunga pabalaza?"

"Udzuwu wakulatu, sapalira?"

Mmodzi wamva chisoni kuti tinsomba n'towonda, watiponyera mpunga. Mnzake waona kuti mpunga wokha si chakudya, wawonjezera kachidutswa ka kabichi. Madzi achita mbuu.

Masana ndanyamula chigubu kupita kumjigo wa kuseri kwa sukulu. Mzere wake ngati wa ufa wa chithandizo. Dzuwa la Okutobala lonse lathera pamutu panga. Koma ndapeza, chigubu chodzaza, cha nsomba zanga!

Ndinaiwala chinthu chimodzi: geti lolowera kwathu ndi lomwelo lolowera kumaliro. Ndangoti phazi m'kati, amayi awiri andithamangira, anditula mwaulemu. "Mwachita bwino, mwana woleredwa! Ena angokhala m'nyumba." Chigubu chalowera kukhitchini. Ine ndaima pamenepo ndi nkhata pamutu, ndikulandira mayamiko.

Lachisanu, 24 Okutobala

Lero linali tsiku losintha madzi. Asinthidwadi, kungoti si mmene ndinalembera.

M'mawa galasi layamba kubiriwira. Dzuwa ndinaliitanira zomera, koma yadya ndi ndere. Tinsomba tili pamwamba, kukamwa yasa, tikupempha mpweya.

Thupi likubwera masana kuchokera kuchipatala, ligona m'nyumba yaikulu. Akuluakulu ayesa matebulo onse a paploti pano, onse akugwedera. Ndiye Amayi Mhango, mkazi wa malemu, atuma uthenga kudzera kwa Amayi anga: "Agone patebulo limene anakhoma okha."

Ndavomera nthawi yomweyo.

Thanki yodzaza sinyamulika, galasi lingathyoke. Ndatenga kapayipi, ndayamwa, madzi ayamba kutsikira m'ndowa. Pulani ndi yosavuta: kutsitsa madzi, kuika thanki pansi, kubwezeramo madzi omwewo. Ndandandalika ndowa pakhomo. Ndauza aliyense wodutsa kuti madziwa ndi obwerera.

Abambo anayi anyamula thanki. Mmodzi wamtali, atatu aafupi. Mchenga wonse wakhuthukira mbali imodzi, miyala yagubuduka, zomera zimene ndinabzala chimodzichimodzi ndi kachitsulo kozulira nsidze zazuka, zikuyandama mizu m'mwamba. Aitula pansi pakona. Tebulo latuluka.

Ndatembenuka kuti nditenge ndowa.

Palibe!

Ndazipeza kuseri, mbale zili kale m'kati, thovu la sopo tho. Mayi wina akuti, "Madziwa akununkhira kunyanjatu." Wapitiriza kutsuka.

M'thanki mwatsala madzi ofika pachikhatho. Tinsomba tikuyenda chopendekera. Ndakhala pansi pambali pake. Sindikulira, ndatopa chabe.

Madzulo ndalowa m'nyumba yaikulu kukaona nkhope. Bokosi lakhala bwino. Tebulo silikugwedera ngakhale pang'ono.

Loweruka, 25 Okutobala

M'mawa ndalembera mayi wa loji uthenga kuti tisunthe tsiku, kwathu kuli zovuta. Wayankha msanga: "Pepani ndi zovutazo. Koma Lolemba ndikuchoka, ndipo pali wina amene wandionetsa kale yake. Ndingodutsa mawa lomwelo, ndikatuluka m'tchalitchi."

Taika Abambo Mhango. Anthu anali ambiri, fumbi lambirinso. Olankhula onse ati anali munthu wosamana. Ine ndagwedeza mutu, poti umboni wake ndinali nawo pabalaza chaka chonse.

Pochokera kumanda aliyense wasamba m'manja pageti. Madziwo ndawazindikira mgolo wake.

Zimene zabwerera: mipando, wina ulibe mwendo; mphasa; getsi, lodzaza tizilombo touluka; batire, lakufa; beseni, koma si lathu; mgolo, wouma gwa.

Zimene sizinabwerere: madzi.

Ndawongola mchenga ndi chikhatho. Ndabzalanso zomera ndi zala, koma zazitali zilibe poimira, zangogona pamadzi ngati bonongwe wofwafwaza. Masamba ena achita chikasu, ena akusungunuka ndikangowagwira. Tinsomba tiwiri tafa. Ndatikwirira kuseri kwa bafa, mwakachetechete, kuopa kuti wina angaitane komiti.

Amayi andipatsa madzi awo akumwa a m'botolo, akuti, "Thira awa." Botolo limodzi. Ndathira. Silinasinthe kanthu, koma ndawathokoza.

Ndapukuta galasi ndi nsanza. Mbali ya kumwamba, kumene kulibe madzi, ikuwala kwambiri.

Lamulungu, 26 Okutobala

Mayi wa loji wabwera. Galimoto yoyera, nsapato zazitali, kafungo kabwino. Wadutsa pakati pa phulusa ndi mafuwa a dzulo, walowa.

Thanki ili pansi, ndiye kuti aione anayenera kuwerama. Waweramadi, ndimupatse ulemu wake. Wayang'ana nthawi yaitali. Watulutsa foni, wayang'ana chithunzi, wayang'ananso thanki.

"Ndi yomweyi?"

Ndati ndi yomweyi. Ndinakonza zoti ndifotokoze, za mgolo, za getsi, za tebulo. Nditatsegula pakamwa ndaona kuti nkhaniyi ndi yaitali, ndipo munthu wa loji safuna nkhani, amafuna thanki.

"Chabwino, achemwali. Ndikuimbirani."

Mawu amenewa ndikuwadziwa. Ndi achibale a "siyani makalata pageti." Ndamuperekeza mpaka pagalimoto. Zandipweteka, kwambiri ndithu. Ntchito imeneyi ndinali nditaiyamba kale mumtima.

Fumbi la galimoto lisanakhazikike, mpopi watsokomola, watsokomolanso, wayamba kutulutsa. Ofiira kaye, kenako oyera. Ploti yonse yathamanga ndi ndowa. Magetsi nawo ayaka. Onse afika bwino, mochedwa pang'ono chabe.

Ndatsuka mgolo, ndauika pamzere.

Madzulo tebulo labwerera. Alinyamula ana a malemu, Amayi Mhango ali pambuyo ndi nsalu yakuda kumutu. Ndati mwina alisunge, ndi chikumbutso chawo. Amayi Mhango akana. "Eni ake anati ndi la nsomba. Likhale kwa nsomba." Akuti madzulo alionse bambo ankati akukaona ziweto zawo, n'kubwera akuseka okha. Ine ndimayesa amangodutsa.

Sanalowe m'nyumba. Aima panja, pawindo, pamalo pomwe paja. Asuzumira pansi pamene pali thanki.

"Zakula?"

Ndati ayi Amayi, zachepa.

Agwedeza mutu. Kenako andipatsira mbale pawindo pomwepo, akuti zatsala pamaliro, akugawira onse amene anathandiza. Athokoza m'chinenero chakwawo: "Yewo, mwana wanga."

M'mbalemo muli tomato ndi anyezi.

Ntchito yapita. Zomera zambiri zapita. Mgolo ukudzaza panja, koma madziwo ayenera kugona kaye, ndiye thanki ikhalabe pansi lero ndi mawa. Mbale ija ndaiika patebulo. Sindikudziwa kuti ndiphikira chiyani.