Kwa a Pulofesa amene anayeza mutu wanga ndi wotchi

Pa esiteti ina ya fodya,
Kwa Mavwere, Mchinji.
9 Malichi 2004

Kwa Olemekezeka a Pulofesa,
Mkulu wa maphunziro a kaganizidwe ka munthu,
Ku yunivesite.

Wawa bambo,

Ndapempha a nyuzi kuti kalatayi ayiike poyera, popeza makalata awiri amene ndinatumiza ku ofesi kwanu anakangolowa ngati mwala m'chitsime. Sindikudandaula ayi. Munthu amene ntchito yake ndi kuganiza za kuganiza angaipeze kuti nthawi yoyankha mayi wolekeza sitandade sikisi?

Mwina mwandiiwala. Ndine Filomena, amake Enifa, mtsikana wamfupi uja amakhala kutsogolo m'kalasi mwanu. M'lipoti lanu dzina langa ndi Woyesedwa Nambala 4. Ndasankha fodya pa esiteti ino zaka 19. Tsamba ndikaligwira ndimamva kukhuthala kwake, mafuta ake ndi fungo lake, ndipo dzanja limakhala laliponya kale pamulu wake maso asanaliyang'ane bwino. Si kudzitama, funsani aliyense pano.

Chaka chatha Enifa anabwera kutchuthi atatupa ndi phunziro lanu latsopano. Akuti mumawaphunzitsa kuti m'mutu mwa munthu zinthu zimalowa, zimagayidwa, kenako yankho limatuluka, ndipo ophunzira amamanga kamunthu ka m'kompyuta koganiza monga aganizira munthu weniweni. Ndinamufunsa ngati ndiye kuti mutu ndi chigayo, anati eya, pang'ono. Tsoka lake, mwana wanga anakanyadira manja a amake m'kalasi, inu n'kunena kuti mutu wotere ndi wofunika kuuyeza. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Lanu linali lakuthwadi, landimeta mpala. Ndiloleni tsono ndithokoze mwandondomeko.

1. Zikomo pobwera ndi ophunzira khumi ndi anayi pa basi ya yunivesite. Chigafa chinali chodzaza fodya mpaka kudenga, koma inu munabweretsa wanu, wa pazithunzi, m'kompyuta. Nzeru zotere ife sitikanazitulukira. Ndinayesa kugwira galasi la kompyutayo kuti ndimve tsamba, mnyamata wanu wa tayi anandichotsa dzanja akuti ndidetsa.

2. Zikomo chifukwa cha wotchi. Munati mukandifunsa funso mudina batani, ndikayankha mudinanso, ndipo nthawi ya pakatiyo ndi imene mutu wanga wagwira ntchito. Bambo, kaya kwanu n'kuti, koma kuno mayi sayankha mlendo wolemekezeka ali chiimire ngati akukangana pamjigo. Funso lililonse ndinkayamba ndakonza chitenje, kugwada, kuomba m'manja pang'ono, kuyang'ana pansi, kenako n'kuyankha. Yankho ndinali nalo musanatsirize n'kufunsa komwe. Wotchi yanu inapeza masekondi khumi pa tsamba limodzi, ndipo munalemba kuti ubongo wanga umachedwa kugaya. Masekondi asanu ndi anayi anali a maondo, bambo. Munayeza maondo anga. Ndikuvomereza kuti amenewo akalambadi.

3. Zikomo pondithandiza mayankho. Pa zithunzi zambiri munkaloza ndi cholembera n'kundifunsa ngati tsambalo si labwino kuposa linzake. Ena mwa masamba munkalozawo ngakhale mbuzi ikanawadumpha. Koma taganizani: munthu wamkulu wa magalasi, wobwera pa basi yolemba dzina, ana ake akumuonerera, a Wilson akapitawo athu ataima pakhomo manja ali kumbuyo. Ine nditi mwalakwa? Pa esiteti munthu wonyamula pepala satsutsidwa, tenanti aliyense amadziwa zimenezo asanadziwe kupalira. Ndinati inde, ndinatinso inde, mpaka inde anatha m'kamwa. Ndinkati ndikukusungirani ulemu pamaso pa ana anu.

4. Zikomo pondimangira mnzanga wa m'kompyuta. Ndamva kuti mwamutcha Filomena, ndipo amafanana nane pa mayankho asanu ndi anayi mwa khumi alionse. Akuti amadikira masekondi khumi, kenako amavomera chilichonse chimene wauzidwa. Aaa, bambo, mwamanga mkamwana wabwino zedi! Mabanja ambiri kwa Mlonyeni angamulimbirane. Kungoti fodya sadziwa.

5. Koposa zonse, zikomo chifukwa cha mtima wanu wabwino potumiza lipotilo kwa a manijala a esiteti ino, monga mphatso yowathokoza kuti anakulandirani. A manijala ndi munthu wotanganidwa ngati inu, anawerenga tsamba lomaliza lokha. Pamenepo palembedwa kuti Nambala 4 amachedwa ndipo alibe muyeso wakewake posankha. Pansi pake pali siginecha yanu, yaikulu, yokhala ndi mchira.

Ndiye nazi zimene sayansi yabala. Kusankha fodya kuyamba pa 1 Epulo, ndipo pa mndandanda wa osankha umene a Wilson amata pachigafa, dzina langa palibe. Pano lamulo ndi lakuti nyumba ndi ya wogwira ntchito. Ndauzidwa kuti mwezi ukatha ndichotse katundu. Kwathu ku Phalombe ndinachokako ndili ndi mwana kumsana, munda unagawidwa kalekale, ndikafika adzandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinapita kwa a manijala kukawapempha kuti andiyese okha ndi fodya weniweni. Anati iwo ndani kuti atsutse a Pulofesa. Mwaona? Nawonso ndi a inde. Tonse pano ndife a mpingo umodzi.

Akuti masiku ano ndi a matipate, aliyense ayankhule zakukhosi. Chabwino, ndiyankhule. Zandipweteka, bambo. Sindigona. Koma chimene chandilasa kwambiri si nyumba yokha ayi. Tsiku lija Enifa ndiye anagwira wotchi. Mwana wokulira m'chigafa, amene anaphunzira kusankha fodya atakhala pamiyendo panga, ankaona ndikugwada ndipo ankadziwa bwino lomwe chimene chikuyezedwa. Anatsegula pakamwa kamodzi, n'kuyang'ana inu, n'kutsekanso. Ndingamukalipire bwanji, poti ndinamulera ndine? Ndinamuphunzitsa ndekha kuti wamkulu sauzidwa. Mwamupatsa malikisi apamwamba m'kalasi monse, zikomo kwambiri. Pa Khirisimasi sanabwere. Anangotumiza kakalata ndi kondakitala wa minibasi ya ku Boma, kakuti sangathe kundiyang'ana kumaso.

M'kakalata komweko anandiululira kuti lipoti lonse analemba ndi iye ndi anzake awiri, kuchokera pa manambala amene munawapatsa, ndipo inu munali ku msonkhano kunja. Sindikunena kuti n'kulakwa. Nafenso kuno fodya timasankha ndife, koma pa belo pamalembedwa dzina la mwini esiteti.

Ine sindidana ndi phunziro lanu. Ndi bwino ndithu ana adziwe mmene mutu umagwirira ntchito. Kungoti chaka chino mukamalandira ophunzira atsopano, muwauze tsiku loyamba lomwe kuti mutu suyenda wokha. Uli ndi maondo, uli ndi kapitawo waima pakhomo, uli ndi nyumba yoti ungalandidwe. Zimenezi m'kompyuta mwanu sizinalowe, kaya chifukwa khomo lake n'laling'ono.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Sindikupempha kuti mubwere, mafuta a basi ndi odula. Sindikupemphanso kuti mupepese, ndikudziwa kuti ku yunivesite phunziro limenelo silinayambe. Ndikungopempha kakalata ka mizere iwiri kopita kwa a manijala mwezi uno usanathe, konena kuti mayi uja sankachedwa kuganiza, ankakupatsani ulemu, ndipo ayesedwe ndi tsamba lenileni m'manja. Ngati nthawi ikuchepa, musavutike n'kulemba. Itanani Enifa alembe, inu mungosaina osawerenga, monga mwa nthawi zonse. Ndipo mumutume iye yemweyo kudzapereka, kuti ngakhale a manijala akane, mwana wanga adzandipeze ndisanasamuke.

Ine wanu wochedwa kuganiza, koma wofika,

Filomena Chimphamba
Woyesedwa Nambala 4