Ndege ya Alamu pa Msika Waufulu

Mwa anthu onse amene anathera choko cha aphunzitsi pachabe, palibe woposa mkulu uja anzake ankamutcha Pulofesa. Sanali mbuli ayi; akanakhala mbuli bwenzi tikumumvera chisoni. Anali choopsa choposa mbuli: munthu amene anawerenga mutu umodzi wa buku, n'kulitseka, n'kuyamba kuphunzitsa dziko. Mutuwo unali wa msika waufulu. Ku yunivesite anam'bweza chaka choyamba chisanathe, koma iye ankati anachoka yekha chifukwa maphunziro anamuchepera.

Pulofesa anali ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, wowotcherera zitsulo, munthu woonda ngati singano. Mlamuyo anamanga kandege pa denga lafulati la shopu yake: thupi la mapaipi ndi malata, injini ya njinga yamoto, matayala a wilibala, ndi chopalasira mphepo chosema pa thabwa. Akuluakulu oona za ndege anamukaniza kukaulutsa, choncho kanangokhala padengapo ngati nkhuku yofungatira. Nthawi zambiri mlamuyo ankauza Pulofesa kuti abwere adzagwire ntchito mu shopu, koma iye ankayankha kuti munthu wa nzeru salembedwa ntchito ndi wachibale.

Chiwembu chinabadwira m'kabala kena, pa tebulo la miyendo itatu ndi njerwa. Panali Mabuleki, mwini kalole kosaima pomwe wakauza; Sipanala, amene ankamasula chilichonse chokhala ndi nati; ndi Gologolo, wa maso ngati nyali.

"Amuna anzanga," anatero Pulofesa, akusisita mimba yake yotchuka, "ndege ija ndi chuma chomangidwa unyolo. Boma laitsekera ndi malamulo, alamu aitsekera ndi mantha. Ife tikungoimasula. Pali mwini bala wina kutsidya kwa njanji akuifuna aikhazike pamwamba pa nyumba yake kuti izikopa zidakwa."

"Ndiye kuba kumeneko, biggy," anatero Sipanala.

"Kuba ndi mawu a anthu osaphunzira. Uku ndi kusamutsa katundu kupita komwe akufunika."

"Chabwino, kusamutsako mutipatsa zingati?" anafunsa Mabuleki.

Apa ndi pamene Pulofesa anadzikumbira dzenje ndi lilime lake lomwe. "Malipiro ndi ukapolo. Pagulu pano palibe bwana, palibe wantchito. Aliyense ndi wamalonda payekha. Uzigulitsa luso lako kwa amene wapereka zabwino, uziganizira mimba yako yokha, ndipo zonse zidzadzilongosola zokha. Ndi mmene msika umatumikirira anthu."

Atatuwo anayang'anizana. Pa moyo wawo wonse anali asanamvepo phunziro lokoma chonchi, ndipo mosiyana ndi mphunzitsi wawo, iwo analimvetsa mpaka kumapeto.

Loweruka masana, mlamu atatseka shopu kupita kumsika wa zitsulo zakale, anayiwo anafika atavala maovolosi kuti odutsa aziyesa amisiri. Anatsamiritsa makwerero kukhoma. Mabuleki anaimika kalole pansi, atatsekera mwala kutayala. Gologolo anaima pakona kuti azilondera. Pulofesa ndi Sipanala anakwera ndi zingwe.

Ntchito inali yapafupi: kumasula mapiko, kumanga thupi, kutsitsa. Koma Pulofesa ataona kampando ka woyendetsa, mtima unamuyabwa. Anaganiza kuti munthu amene watsogolera nkhani yaikulu chotere ayenera kukhalapo kamodzi, aone dziko mmene aliwonera akuluakulu. Anaiwala kuti mlamu anayeza mpandowo pa chiuno chake chomwe. Analowetsa miyendo, anakoka mpweya, anadzikanikiza. Mimba inadutsa pansi pa paipi, kenako inabwerera m'malo mwake. Pamenepo Pulofesa ndi ndege anakhala thupi limodzi.

"Sipanala! Masula paipi iyi!"

"Imeneyo njowotcherera, biggy, ilibe nati. Si dipatimenti yanga." Ankanena izi akumasula chopalasira mphepo chija. Anachinyamula paphewa n'kulunjika ku makwerero.

"Ukupita nacho kuti?"

"Kumsika. Ndege yonse ndi mawa, ichi ndi lero."

Pansi injini inalira. Pulofesa anasuzumira n'kuona Mabuleki akuchotsa mwala uja.

"Iwe! Kalole kakupita kuti?"

"Andiimbira, madala. Pali mayi akusamuka, akulipira pompopompo. Inu mwangondilipira nzeru. Mukawonjezera mundiimbire!"

Chiyembekezo chinatsala pa Gologolo, ndipo anabweradi akuthamanga. Pulofesa anapuma. Koma Gologolo anagwira makwerero n'kuima nawo ngati wokhometsa pachipata, n'kuyamba kufuula mumsewu: "Bwerani mudzaone! Woyendetsa ndege wamoyo, ali m'kati! Akulu kwerani, ana theka la mtengo! Kujambula naye n'kwapadera!"

Anthu, amene sachedwa pomwe mnzawo akuvutika, anafola mzere. Anakwera osoka nsapato, anakwera ogulitsa makala, anakwera amayi ndi ana kumsana. Wina anamufunsa kuti anyamuka nthawi yanji. Wina anamupatsa uthenga woti akapereke kwa mwana wake kunja. Kamwana kena kanamuika nthochi m'kamwa.

"Gologolo, mphwanga," ananong'ona Pulofesa, thukuta lili kamukamu, "thamangitsa anthuwa, undipezere sowo."

"Aaa, biggy, ndidule bizinesi yanga ndekha? Inuyo mmenemo ndiye katundu. Ingomwetulirani, makasitomala akudandaula."

Tsono Sipanala anali atazungulira msika wa zitsulo ndi thabwa lake. Wina anati n'chopalasira bwato chopindika, wina anati n'nkhuni. Pomaliza anapeza kamunthu koonda kakusankha mabawuti, kamene kanachiyang'ana mwachidwi chenicheni.

"Bwana, inu ndiye mukudziwa zinthu. Ichi n'cha ndege, chochokera kunja. Simungachipeze pena."

"Zoona, sindingachipeze pena," kanatero kamunthuko modekha. "Ndinachisema ndekha."

M'tauni yonseyo munali munthu mmodzi yekha wofuna chopalasira mphepo, ndipo msika, mwa chilungamo chake, unam'fikitsa Sipanala kwa iyeyo.

Apolisi anabwera mochedwerapo, pakuti galimoto yawo inali pa njerwa. Anaimitsa magalimoto a hayala kuti anyamule akuba, ndipo amene anatchula mtengo wotsika kuposa onse anali Mabuleki, akubwerera kosamutsa mayi uja. Anadzazindikira atafika pa shopu kuti mmodzi wa katundu amene wapikisana kunyamula ndi iye mwini. Gologolo anagwidwa akuuza sajeni kuti ayambe walipira asanakwere.

Mlamu anakwera padenga, mlongo wake ali pambuyo. Mayiyo anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana mwamuna wake.

"Bambo a ana, m'mawa munati mukupita ku msonkhano wa zachuma."

"Ndi womwewu, mayi. Wangotalika."

"Achimwene, musiyeni momwemo. Kwa nthawi yoyamba ndikudziwa komwe ali."

Koma mlamuyo anali munthu wa mtima wofewa, vuto limene limagwira anthu ambiri ogwira ntchito ndi manja. Anagwada pafupi ndi kampando, sowo ili m'manja, n'kulankhula motsitsa kuti sajeni, amene mutu wake unali utatulukira pamwamba pa makwerero, asamve.

"Alamu, tamverani. Ndidula paipi iyi, ngakhale ndinaivutikira. Ndiwauza apolisi kuti ndinakutumani ndine kudzayesa mpando. Lolemba mubwere ku shopu, muzidzandigwirira zitsulo, ana adye. Sindikufuna kanthu. Ndinu bambo wa ana a mlongo wanga."

Kunayamba kudontha mvula. Madontho ankalira pa malata a mapiko. Miyendo ya Pulofesa inali itachita dzanzi kalekale, ndipo m'munsi anzake atatu anali atakhala kale m'kalole, atamangidwa ndi chingwe chomwe anabwera nacho. Munthu wamba akanagwira dzanja la mlamu wake ndi manja awiri. Koma Pulofesa anayang'ana khamu lija, limene linali lisanabalalike, n'kukweza chibwano.

"Mwati mudula kwaulere?"

"Kwaulere, alamu."

"Ndiye vuto lake limenelo. Zaulere zimapha msika. Mukandidula inu lero, amisiri ena a sowo adya chiyani? Bwezani chida chanucho. Ndidikira abwere angapo, apikisane, ndisankhe ndekha."

Sajeni anapukuta mvula pa chipewa. "Akulu, wopikisana ndine ndekha, ndipo ndilibe sowo. Tikutsitsani ndi ndege yomweyo, mukagone nayo m'chitokosi."

Mlamu anatambasula dzanja. "Alamu, chonde."

Pulofesa anapinda manja pamwamba pa paipi ija, mvula ikutsika pamphuno.

"Zikomo alamu, koma ayi. Tsitsani, sajeni. Ndipo muchite mosamala: iyi ndi ndege, si wilibala."