Malaya Osafa a Bambo Lalanje

Inu, tamverani za mayi wina woyandikana nane nyumba, amene analimbana ndi malaya mpaka kuwonda.

Malayawo anali a amuna awo, a poliyesita, owala ngati lalanje lakupsa, kolala yake ngati makutu a njovu. Anthu mpaka anawatcha bambowo a Lalanje. Chowawa n'chakuti amene anawagula ndi mayi omwewo, kalekale ali pachibwenzi, maso asanatseguke. Ana anabadwa, anakula, mipando inathyoka, koma malaya aja osasuluka, osang'ambika, ngakhale batani limodzi osathothoka. Bambo akavala ankati, "Mphatso ya akazi anga iyi!" Ndiye mukanena bwanji kuti vulani?

Tsono mwana wawo wamkazi anapeza banja. Anawakokera amayi ake kukhitchini.

"Amayi, chonde, adadi asadzavale malaya aja paukwati wanga. Ndidzakomoka."

"Usadandaule, mwanawe. Afa sabata ino."

Mayi ananyika malaya aja m'mankhwala oyeretsera zovala. Anatuluka akuwala kuposa kale. Anawaiwala dala pachingwe, dzuwa ndi mvula zikusinthana. Anauma okha, opanda ndi khwinya lomwe. Anawapatsa galu. Galu ananunkhiza, n'kuyetsemula, n'kuchokapo.

"Ha! Nsalu iyi ili ndi mzimu," anatero mayi.

Mapeto ake anatenthetsa simbi mpaka kufiira, n'kuikhazika pamsana pa malaya. Fyuu! Poliyesita sapsa ngati thonje, abale, amasungunuka ngati phula. Chibowo choti mutu n'kulowa!

"Abambo, pepani, ngozi!"

Bambo ananyamula malaya aja, anasuzumira pachibowo. Anatuluka panja. Mayi pawindo anaona mapewa a amuna awo akugwedezeka, dzanja lili kukamwa.

Mayo! Mtima unawapweteka zedi. Munthu wamkulu kulira chonchi chifukwa cha ine? Anathamangira kwa telala wokalamba wa pakona, atanyamula mtembo wa malaya uja.

"Nsalu iyi ikupezekabe?"

Telala anafukula pansi pa thebulo. "Yatsala yokwana malaya amodzi. Palibe anaifunapo, ngakhale njenjete."

M'mawa wa tsiku la ukwati, mayi analowa kuchipinda ndi kaphukusi.

"Abambo, ndinakulakwirani. Landirani. Mwana akwiye, akwiye."

Bambo atatsegula n'kuona malaya atsopano a lalanje, anakhala pabedi mwadzidzidzi.

"Amayi, mwandichitiranji zimenezi?"

"Si munalira panja paja?"

"Kulira? Ndinkaseka ine! Ndinkathokoza Mulungu! Malaya amenewa amawotcha ngati uvuni, thukuta limangoyenderera kumsana, povula amathetheka ngati ndagwira waya wa magetsi. Ndinkavala poopa kukukhumudwitsani!"

"Zaka zonsezi? Inetu ndimadana nawo!"

"Osanena bwanji?"

"Nanga inu osanena bwanji?"

Anaseka mpaka misozi, mpaka mwana anagogoda kufunsa ngati kuli bwino.

"Kuli bwino, mwanawe! Adadi ako avala oyera!"

Bambo, mtima uli mbee, anatulutsa malaya awo oyera, okhawo a ulemu amene anali nawo, nati asite okha poti lero ndi tsiku la ufulu. Mayi ali kalikiliki ndi mpango kumutu, anakumbukira mochedwa kuti simbi ija sanaipale.

"Abambo, dikirani!"

Mochedwa. Phula lija linali litasungunukanso. Pachifuwa pa malaya oyera panadindika chisimbi chathunthu cha lalanje, chonata, chofuka utsi. Panja galimoto inali ikuliza kale hutala.

Awiriwo anayang'anizana. Kenako onse anatembenukira kaphukusi kaja pabedi.

Mkwatibwi sanakomoke, koma anayenda maso ali kudenga mpaka kuguwa.

Chithunzi cha ukwatiwo chili pabalaza pawo, ndinachiona ndi maso angawa. Dzuwa lachisulutsa, nkhope za anthu sizikuonekanso bwino. Koma malaya aja, inu, akuwalabe.