Tsiku Limene Ndinasesa Laputopu

Sekani, Che Saidi, sekani ndithu, inu amene foni amachita kukuyatsirani ndi akazi anu. Amene akuti ndine wabodza asiye bawoyo, aimirire, anditchulire mudzi umene sindinagonemo kuyambira ku Chitala mpaka kumalire.

Dzina loti pulagini ndinalimva koyamba m'basi, kwa mphunzitsi wina amene tinapanikizana mpando umodzi. Apo n'kuti nditadziphunzitsa ndekha kulemba khodi ya pakompyuta, ndipo komiti ya madzi ku Chinguluwe itandilonjeza chigawo cha munda wa mpunga ndikawapangira pulogalamu yogawa madzi, kuti anthu aleke kutemana ndi makasu pangalande. Munda, akuluakulu! Ine woyenda zaka zonsezi wopanda ngakhale mtengo wa papaya woutcha wanga. Mphunzitsiyo anati ndiike pulagini mu edita, muja timalembamo khodi, ndikangodina batani limodzi iyo isonkhanitsa zonse n'kundimangira pulogalamu.

Koma isanamange imayamba yakoka zipangizo zake pa intaneti, ndipo netiweki ya kuno mukuidziwa. Ndinabwereka bwato kukaisaka panyanja, foni n'kuimangirira kunsonga kwa nsungwi, n'kumapalasa ndi phazi poti manja anali pa laputopu, mpaka phiri la Senga linatsala ngati chulu, kamzere kosonyeza kukoka kaja kakukwawa ngati nkhono, mwera n'kubwera n'kumakakankha kuti kabwerere m'mbuyo, ine n'kukatsekereza ndi chala chachikulu masiku atatu osadya, laputopu itatentha moti usipa ukadumphira m'bwato unkaumira pamabatani usanaphuphe n'komwe. Mukumva? Pali amayi anga kumanda!

Zitalowa ndinadina. Zolakwa zofiira zinabuka pasikirini ngati nkhungu, mtambo wake n'kuphimba dzuwa, amayi a kwa Maganga n'kutuluka ndi malichero kukazikola, ine n'kumaziphwanya imodziimodzi mpaka chikhadabo ichi chinatha, onani, sichinamerenso bwino. Kenako sikirini yonse biriwiri. Yamangika! Inkagawa madzi mwachilungamo moti ngakhale mvula inayamba kufunsa kaye kuti lero ndi tsiku la yani.

Mukufunsa kuti nanga mundawo uli kuti, Che Saidi? Khalani chete, ndikunena.

Amayi anga anandilera ndi lamulo limodzi: mlendo asapeze zinyalala pabwalo. M'mawa wa tsiku la msonkhano wa komiti ndinasamba, ndinasita malaya, n'kuti ndisesenso m'laputopu poti maso a akuluakulu aloweramo. Ndinapeza foda yodzaza mafayilo ambirimbiri a maina achilendo amene ine sindinalembe. Zinyalala, ndinatero. Ndinafufuta. Pulogalamu yomangika ija ndinaichotsanso, ati ndikamange yatsopano pamaso pawo aone okha mphamvu zanga.

Zinyalalazo zinali zipangizo zija ndinavutikira panyanja.

Komiti inakhala pansi pa mtengo wa mango, wapampando, Mayi Nachisale, atavala chitenje chatsopano. Ndinadina batani. Pulagini inayamba kukokanso kuchokera pachiyambi, ku Chinguluwe, kumene foni imagwira ukakwera pachulu. Kamzere kaja sikanasunthe. Mthunzi unasamuka, anthu n'kusuntha mabenchi kuutsatira, kamzere kali pomwepo.

"Bambo," anatero mayiwo mwaulemu wopweteka, "madzi sadikira." Anatsegula kope lawo lakale logawira madzi n'kuyamba kuitana maina.

Munda anapatsa wina. Ndamva kuti chaka chino wakolola bwino, wabzalanso nthochi m'malire momwe ine ndinkafuna kudzabzala.

Ayi, tiyiyo mupatseni wina, ndaimirira kale. Lole ya usipa ikunyamuka pamsewu, ndikatsika kumene ikaime. Ndipatseni chikwama changacho, gwirani bwino, muli laputopu.

Koma inamangika, Che Saidi. Inamangika kamodzi, pakati pa nyanja, popanda wondiona.