Nsapato Zanga Zalowa Chikomyunizimu

Lamulungu, Ogasiti 1957, Tsangano

Ndadzuka ndi manyazi, ndipo ku tchalitchi ndapita chosavala nsapato. Wolakwa ndi pakamwa pangapa.

Tikatsegulira sukulu kuli mtsutso: chabwino n'chiti, chikomyunizimu kapena chikapitolizimu? Aphunzitsi anandiika mbali ya chikomyunizimu (sindinasankhe, anangoloza ndi choko). Ndiye dzulo masana, tikusankha mbatatesi pakhonde, ndinati ndiyesere mawu anga pa abale. Ndinaima pamtondo wovundikira, nditavala nsapato zanga za kusukulu kuti ndioneke wophunzira.

“Chuma chikakhala cha onse, palibe wosauka,” ndinatero. “Anthu amakweza manja, zimene ambiri afuna n'zomwe zimachitika.”

Amalume, amene anakhalitsa m'migodi ku Joni, anapukusa mutu. “Iwe, kumene kuja ukangotchula mawu amenewo, apolisi afika kale. Kodi akuphunzitsani kumangidwa?”

Koma azakhali maso anali pamapazi anga. “Mwanawe, wati zonse n'za onse?”

“Zonse, azakhali.”

“Ndi nsapato zomwe?”

Apa munthu wanzeru akanatsika pamtondo. Ine ndinakumbukira kuti pamtsutso sabwerera m'mbuyo, ndiye ndinati, “Ndi nsapato zomwe.”

Amalume anaitanitsa manja nthawi yomweyo. Anakwera asanu ndi awiri, la amayi anga ondibereka lili pamwamba pa onse. Wotsutsa ndinali ndekha.

Vuto linabuka pogawa. Azakhali ankazifuna za ku tchalitchi, mayi aang'ono nawonso chimodzimodzi. Amalume anafunsa kuti buku langa likuti chiyani, ine n'kuyankha motsitsa mawu kuti likuti mofanana. Basi, azakhali yakumanzere, mayi aang'ono yakumanja.

Lero alowa m'tchalitchi mogwirana mkono, aliyense akutsimphina mbali yake. Phazi la azakhali ndi lalikulu, chidendene chinali panja. Pokhala pansi onse anatambasula mwendo wovala kuti mpingo uone. Ine ndinakhala kumbuyo, mapazi nditawabisa m'siketi.

Pobwerera ndinasintha chipani. “Amalume, ndaganizanso. Chikapitolizimu ndiye chabwino. Munthu chake ndi chake.”

“Ati chake! Unagula ndiwe?”

“Anagula abambo.”

“Ndiye n'za abambo ako, ndipo iwo ali ku Joni. Ukawalembere kalata.”

“Nanga ufulu wanga?”

“Wolankhula uli nawo, ndi umene ukulankhulirawu. Koma manja tinakweza.”

Tsono lole yopita kusukulu inyamuka Lachinayi, ndipo wopanda nsapato salowa m'kalasi. Yakumanja akuti Lachitatu ipita ku ukwati ku Biriwiri, ikabwera Loweruka. Yakumanzere yayamba kale kuyasama kutsogolo.

Chimene ndaphunzira n'chakuti mfundo za m'buku osaziyesera pa anthu amene alibe nsapato. Komabe sindinataye mtima, chifukwa ndawerenga manja bwinobwino: akazi m'banja muno tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo tonse timasenza mbatatesi pamutu mpaka kumsika.

Mawa m'mawa ndikweranso pamtondo. Ndikapempha kuti tikweze manja pa njinga ya amalume. Tione ngati sakhala mkapitolisiti dzuwa lisanafike pamutu.